"Aganiza kwambiri": mmene uphungu umathandizira munthu kumvetsa chimene chikumudya mumtima

Amayi anga aang'ono amagulitsa tomato ndi anyezi ku Saturday Market kuno ku Chipata. Amuna awo atamwalira, maliro anayenda bwino. Anthu anabwera ambiri, akwaya anachezera kuimba, ndipo masiku a maliro atatha aliyense anabwerera kwawo. Patapita miyezi inayi, amayi aja anayamba kudandaula mutu. Ankati pa liwombo pakutentha ngati wina waikapo khala la moto. Kenako mtima unayamba kuwathamanga, makamaka tambala woyamba asanalire, ndipo tulo tikathawa nthawi imeneyo sitinkabweranso. Anapita kukiliniki katatu. Anawayeza BP, malungo ndi shuga, koma sanapeze kanthu, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi panado. Pamsika anayamba kubweza chenji kawiri kwa munthu mmodzi. Tsiku lina beseni lonse la tomato linawolera pakhonde chifukwa analephera kudzuka.

Pabanja aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati ndi BP yobisala, ena ankati mzimu wa malemu sunagone, ndipo panali ena amene ankanong'ona kuti ndi ulesi chabe. Koma tonse tinkagwirizana pa mawu awa: "Aganiza kwambiri." Mankhwala amene tinkawapatsa analinso amodzi: "Musamaganize, amayi, limbani mtima, zonse siyirani Mulungu." Ine ndemwe ndinawanena mawu amenewa kangapo, ndipo ndinkawanena mwachikondi. Sanathandize chilichonse. Munthu amene maganizo amugwira sangawaleke chifukwa chouzidwa, monga mmene wodwala chifuwa sangalekere kutsokomola chifukwa chakuti mwamupempha.

Ulendo wachinayi anakumana ndi nesi amene anafunsa funso limene ena aja sanafunse: "Amayi, kunyumba kuli bwanji?" Amayi analira mpaka kulephera kuyankha. Nesiyo anawatumiza kwa phungu wa pakiliniki pomwepo. Poyamba anakana, chifukwa kwa ambiri a ife mawu akuti uphungu tinawadziwira pa nkhani yoyezetsa magazi, ndiye ankaopa kuti owaona akulowa m'kachipinda kaja ayamba kunena kuti malemu anawasiyira kachilombo. Uphungu ndi waukulu kuposa pamenepo. Ndi chithandizo chimene mankhwala ake ndi kukambirana, kochitika mwadongosolo, ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyo, kawirikawiri kamodzi pa sabata kwa masabata owerengeka.

Tiyambe ndi thupi, popeza anthu ambiri kwathu kuno vuto la mumtima amayamba kulimvera m'thupi. Mukakumana ndi njoka pamzera mukupalira, mtima umagunda mofulumira, mpweya umakhala wapamwamba, minofu imakungika, m'kamwa mumauma. Izi zimachitika chifukwa tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, timene timakonzekeretsa thupi kuthawa kapena kumenya. Njoka ikapita, thupi limazizira. Koma ngongole, imfa ya mwamuna, mwana amene walowerera, kapena mkangano wa munda sizipita ngati njoka. Munthu akazikumbukira, thupi limachita ngati zoopsa zili pamaso pake, lero, mawa, mkuja, usiku ndi usana. Mutu wotentha, msana wowawa, m'mimba mosokonekera ndi kusowa tulo zimachokera pamenepo, ndipo ululu wake ndi weniweni. Wodwalayo sakunamizira. N'chifukwa chake kuyezetsa kuchipatala kumafunika ndithu, pakuti kuchepa kwa magazi, BP yeniyeni ndi matenda ena angabweretse zizindikiro zofanana. Koma zoyeza zikatuluka bwino katatu, ndi nthawi yofunsa za kunyumba.

Amayi anandifotokozera zimene zinkachitika m'kachipindamo patapita nthawi, mwa kufuna kwawo. Tsiku loyamba phunguyo, amene anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo woyamba, anawauza kuti zimene akambirane zithera momwemo, kupatula ngati moyo wawo kapena wa munthu wina uli pangozi. Kenako anangofunsa ndi kumvetsera. Amayi akuti anadikira malangizo mpaka nthawi inatha, malangizo osabwera. Anatuluka akudabwa kuti kodi chithandizo chake n'chomwechi.

Sabata yachiwiri mtsikanayo anafunsa kuti: "Amayi, mukadzidzimuka usiku uja mtima ukuthamanga, mawu oyamba amene amabwera m'mutu mwanu ndi otani?" Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati: "Mwana wanga, bambo aja ndinawapha ndine." Nkhani yake inali yakuti tsiku limene malemu anayamba kudwala, amayi anapita kukaoda tomato m'mamawa, ndipo kuchipatala anapita nawo tsiku lotsatira. Kwa miyezi yoposa inayi anasenza mlandu umenewu okha. Sanauze abusa, sanauze ana, sanauze mng'ono wawo amene ankagona nawo chipinda chimodzi.

Tikanakhala ife apabanja, tikanafulumira kuwatseka pakamwa: "Ayi amayi, musalankhule choncho, inali nthawi yawo." Mawu otere amatonthoza wonenayo kuposa womvayo, ndipo mlandu uja umangobwerera mkati. Phunguyo anachita zina. Anati: "Tandiuzani za m'mawa umenewo. Munadzuka nthawi yanji? Abambo ankaoneka bwanji? Ananena chiyani?" Pofotokoza, amayi anakumbukira kuti malemu anadya phala, anakhala pakhonde, ndipo anawauza okha kuti ndi chimfine chabe, apite asaphonye galimoto ya tomato. Mtsikanayo anafunsanso: "Zimene mukudziwa lero, m'mawa umenewo munkazidziwa?" Kenako: "Akanakhala mng'ono wanu amene anachita zimene munachita inu, mukanamutcha wakupha?" Amayi akuti anayankha msanga kuti ayi, ndipo anadzimva okha akuyankha.

Apa m'pamene pagona ntchito yonse. Phungu sanawauze kuti alibe mlandu. Anawathandiza kuyala nkhaniyo poyera, monga timathirira nshawa palichero kuti zabwino, zofumbwa ndi timiyala zioneke pazokha. Zikakhala m'thumba, zonse ndi mtolo umodzi wolemera. Zitayalidwa, amayi anaona kuti chisoni chinali pachokha, mantha a mmene alipirire lendi anali paokha, ndipo mlandu wakupha uja, umene unkalemera kuposa zonse, unalibe umboni.

Njira imeneyi ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1960, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Philadelphia ku America, Aaron Beck, anaona kuti odwala ake ovutika maganizo ankakhala ndi timawu tobwera tokha m'mutu, todzipeza olakwa ndi tosayembekezera chabwino, ndipo ankatikhulupirira osatifufuza. Chithandizo chimene chinachokera pa ntchito yake chimadziwika ndi zilembo zakuti CBT. Chimaphunzitsa munthu kuona unyolo wa zinthu zinayi: chimene chachitika, chimene wadziuza za chochitikacho, chimene thupi ndi mtima zamva, ndi chimene wachita pambuyo pake. Mnzanu wakudutsani pamsewu wa ku Kapata osakupatsani moni. Mukadziuza kuti "sanandione," mumapitiriza ulendo. Mukadziuza kuti "anthu onse andida," mtima umagwa, mawa simupita kuchilimba, ndipo posapita kuja mumasowa wokuuzani kuti mnzanuyo anali kuthamangira mwana wodwala.

Kusapita kumeneku n'koopsa kuposa mmene timaganizira. Amayi anali atasiya kwaya, atasiya chilimba, atasiya ngakhale kusesa pabwalo. Ankati adzayambiranso mtima ukakhala bwino. Koma matenda amenewa amayenda mozungulira: munthu akasiya zochita, amasowa chomusangalatsa ndi chomutamanda nacho, mtima umagweratu, ndiye amasiya zinanso. Phungu anagwirizana nawo kanthu kakang'ono, kuti Lachitatu apite kukwaya, akakhale kumbuyo, ngakhale asaimbe. Anapita monyinyirika. Sabata yotsatira anafotokoza okha kuti usiku umenewo anagona mpaka mbandakucha.

Pali njira inanso imene ine ndimaona kuti ikugwirizana kwambiri ndi moyo wathu wokhala mwa anthu. Inayambitsidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi Gerald Klerman ndi Myrna Weissman, ndipo imayang'ana pa ubale wa munthu ndi anzake. Imati kuvutika maganizo nthawi zambiri kumayambira pa imfa ya wokondedwa, pa mkangano wosatha, pa kusintha kwakukulu kwa moyo monga kutha kwa banja, kutha kwa ntchito kapena matenda aakulu, kapenanso pa kusungulumwa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2003 anasonyeza kuti njira imeneyi, pochitidwa m'magulu m'midzi ya ku Uganda motsogoleredwa ndi anthu a komweko, inachepetsa kwambiri matenda a maganizo. Bungwe la StrongMinds, limene linayamba ku Uganda mu 2013, limagwiritsa ntchito magulu oterewa ndipo linafika m'Zambia mu 2019. Mphamvu ya gulu ndi yosavuta kuimvetsa. Mayi amene ankaganiza kuti ndi yekha amene amalira kubafa kuti ana asamuone amamva mnzake akunena zomwezo.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Zimbabwe. Dokotala Dixon Chibanda wa ku Harare wakhala akufotokoza poyera za wodwala wake wina amene anadzipha banja lake litasowa ndalama ya basi yobwerera naye kuchipatala. Cha m'ma 2006 iye anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, dera lina la mu Harare, kuti azikhala pabenchi panja pa kiliniki n'kumakambirana ndi anthu ovutika maganizo. Ntchitoyo imatchedwa Friendship Bench. Agogowo sagwiritsa ntchito mawu a m'mabuku a madokotala. Amati kufungisisa, mawu a Chishona amene tanthauzo lake ndi lomwe lija lathu, kuganiza kwambiri. Mu 2016 zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a ku Harare zinatuluka. Patapita miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za matenda a maganizo, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100 alionse. Kukumana kwake kunali kokwana kasanu ndi kamodzi basi.

Kwathu kuno zoterezi zinayesedwanso. Ku Lusaka, kafukufuku wosindikizidwa mu 2015 anatsatira ana 257 amene anakumana ndi zoopsa monga nkhanza ndi imfa za makolo, ndipo amene anathandizidwa ndi aphungu wamba ophunzitsidwa bwino anapeza bwino kwambiri kuposa anzawo. Kafukufuku wina wosindikizidwa mu 2020, wochitikanso ku Lusaka, anapeza kuti uphungu wotchedwa CETA unachepetsa nkhanza za m'banja pamodzi ndi uchidakwa wa amuna. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsanso mu 2016 njira yotchedwa Problem Management Plus, ya kukumana kasanu, imene munthu wosakhala dokotala angaphunzire. Zimenezi n'zofunika kwa ife a Kum'mawa, amene kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500, osanena za wochokera ku Chama kapena ku Vubwi.

Wina angafunse kuti nanga ankhoswe, alangizi, anyakwawa ndi abusa tili nawo aja ntchito yawo si yomweyi? Ndimawalemekeza, ndipo mabanja ambiri aima chifukwa cha iwo. Koma ntchito yawo ndi ina. Nkhoswe imamva mbali ziwiri n'kugamula. Mlangizi amaphunzitsa mwambo, amanena choyenera ndi chosayenera. Onsewa amakudziwani, amadziwa abale anu, ndipo Lamulungu mukakumana nawo kutchalitchi. Mayi sangauze nkhoswe ya kuchimuna kuti nthawi zina amalakalaka atangogona osadzukanso. Mnyamata sangauze mkulu wa mpingo zimene amalume ake anamuchita ali mwana. Phungu sagamula mlandu, sali mbali ya banja lanu, ndipo anaphunzira kukhala chete pamene ife timathamangira kulangiza. Agogo a ku Mbare aja anali ndi nzeru kale. Chimene anaphunzitsidwa kwenikweni ndicho kumvetsera ndi kufunsa mpaka munthu apeze yekha poyambira. Ndiponso uphungu sulimbana ndi pemphero. Amayi anga aang'ono sanasiye kupemphera, ndipo amanena kuti atatula mlandu uja m'pamene anayambanso kupemphera momasuka.

Za amuna ndiyenera kuzinena mosabisa. Tinakula tikumva kuti mwamuna salira, ndiye chisoni cha mwamuna chimatulukira kwina: m'kachasu, m'kukalipa, m'kumenya, m'kukhala duu pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko, chinasiya abambo ambiri atabzala ndi feteleza wa ngongole n'kukolola mapesi. Tayerekezani bambo wotero, wakaloba akubwera pakhomo sabata iliyonse, ana akufuna za kusukulu, nkhokwe ili mbee. Kukambirana sikungadzaze nkhokwe imeneyo, ndipo phungu woona mtima sanganame kuti kungatero. Chimene angachite ndi kukhala naye pansi n'kutchula mavuto onse limodzi ndi limodzi, kusiyanitsa amene angathe kuwagwira ndi amene ali kunja kwa mphamvu zake, kusankhapo limodzi, n'kuganizira njira zonse ngakhale zooneka zachabe. Mwina sabata imeneyo ntchito yake ndi kungouza mkazi wake kukula kwenikweni kwa ngongoleyo, chinthu chimene wakhala akubisa kwa miyezi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Munthu amene wagwidwa ndi maganizo amaona khoma mbali zonse, ndipo kachitseko kamodzi kakatseguka, mpweya umayamba kulowa.

Pamenepa m'pamene nkhaniyi imakhudza moyo ndi imfa. WHO imati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna. Anthu amaopa kufunsa m'bale wawo kuti "Kodi ukuganiza zodzipha?" poganiza kuti amupatsa nzeru yoipa. Kufunsa sikubzala maganizo amenewo. Nthawi zambiri munthuyo amapepukidwa kuti wina waona. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani pafupi mankhwala a m'munda ndi china chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Manambala a foni a 933 kwa akuluakulu ndi 116 kwa ana, a Lifeline/Childline Zambia, ndi aulere.

Uphungu uli ndi malire ake. Munthu amene akumva mawu amene ena sakuwamva, amene akukhulupirira kuti anthu akumusaka popanda chifukwa, amene watha masiku osagona akulankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, kapena amene wasiyiratu kudya ndi kusamba, afunika kuonedwa ndi achipatala, ndipo nthawi zambiri afunika mankhwala. Kiliniki ya pafupi ingathe kumutumiza ku chipatala chachikulu monga Chipata Central. Dzina la Chainama, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Lusaka, lakhala ngati chitonzo pakamwa pathu, mpaka mabanja amabisa wodwala kuopa kusekedwa, koma matenda amenewa ali ndi chithandizo, ndipo lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala. Mayi amene akumenyedwa naye asapatsidwe uphungu woti azipirira. Choyamba ndi chitetezo chake, ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit chifukwa cha nkhani zoterezi.

Si phungu aliyense amene ali wabwino. Amene akukudzudzulani, amene akulalikira m'malo momvetsera, kapena amene nkhani yanu mwaimva kwa munthu wina, musiyeni mufunse wina. Dziwaninso kuti masabata oyamba angakhale owawa, chifukwa bala limene linamangidwa nsanza kwa nthawi yaitali limapweteka polimasula. Amayi akuti atabwerako ulendo wachiwiri uja analira madzulo onse, ndipo mng'ono wawo anafuna kuwaletsa kupitanso.

Anapita kasanu ndi kawiri. Lero ali pamalo awo pamsika, chenji amawerenga bwino, ndipo kwaya sajomba. Amuna awo amawalirabe, makamaka mwezi wa June ukafika, umene malemu anatisiya. Khala la moto lija limabwereranso pa liwombo nthawi zina. Chaka chatha ndinawapeza m'mawa wina atakhala pakhonde, atamanga duku mothina. Nditafunsa ngati tipite kukiliniki, anapukusa mutu. "Ayi mwanawe, ili ndikulidziwa. Ndalota abambo ako aang'ono. Tandiitanire mng'ono wanga abwere tikhale pang'ono, tomato ndikaoda mawa."